Bondo la Kapitawo

Ana anga, mwandivutitsa nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga. Ndalemba. Za ubwana wanga ndazisiya chifukwa mulibe chimene mungatolemo. Atate anachoka ku Nyasalande wapansi, anakagwira ntchito pa famu ya mzungu kumpoto kwa Lusaka, ine ndinabadwira komweko, sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Basi. Chimene ndikufuna mudziwe ndi ntchito imene ndinagwira ndi munda umene unakulerani, chifukwa adzukulu anga ena akuganiza kuti chakudya chimamera m'sitolo.

1964, chaka cha ufulu

Chaka chimenechi ndinalembedwa ntchito ku ofesi ya zaumoyo ya m'tauni, m'gulu limene anthu ankalitcha la udzudzu. Ntchito yathu inali kukumba ngalande, kuthira mafuta akuda m'zithaphwi ndi kutchetcha udzu ndi chikwakwa. Amene anandilemba anali mzungu wachikulire amene tinkamutcha Bwana Magalasi. Tinali ambiri pamzere tsiku limenelo, koma iye anangoona mutu wanga utatumphuka pamwamba pa anzanga, nati, "Iwe wamtali, bwera." Sanandifunse za sukulu. Anatenga ndodo yake n'kundigogoda pabondo. M'Chinyanja chake chothyokathyoka anati, "Udzu ukapita apa, dula. Ukapanda kufika apa, siya." Maphunziro anga onse a ntchito anathera pamenepo. Patapita miyezi yochepa Bwana Magalasi ananyamuka kupita kwawo, koma lamulo lake analisiya, ndipo mabwana onse amene anabwera pambuyo pake analipeza likugwira ntchito, osalikhudza.

Lamulo limeneli silinali la udzu wokha. Chimanga nachonso chinali mdani wa ofesi. Ankati madzi amene amakhala m'masamba ake amaswetsa udzudzu, ndiponso kuti akuba amabisalamo. Ine sindinafunse ngati n'zoona. Sanandilembe ntchito yofunsa.

Anayamba kunditumiza ku Matero. Kumeneko ndiko ndinawaonera amayi anu. Tsiku lina ndikutchetcha m'mbali mwa mpanda wa nyumba ina, chikwakwa chinadula tsinde la dzungu limene linayanga kutulukira kunja. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Imwe ba mutali! Simuona? Ichi chibwabwa chafika pa bondo yanu?"

Ndinacheuka. Anali mtsikana wamfupi, ndowa ili pamutu, maso ali gwaa pa ine. Ndinati, "Pepani, mnkhwaniwu sindinauone."

"Munkwani ni chani? Ine nikamba chibwabwa. Mwadula ndiwo ya bamalume. Lamulo yanu tiiziba tonse, ni ya vinthu vitali. Ivi vokwawa muvisiye."

Ameneyo anali Belita, wochokera kumpoto, ku dziko la Abemba, amene ankakhala kwa amalume ake. Ngalande ya mumsewu umenewo ndinaikumba mosamala kwambiri, ndipo inanditengera masiku ambiri kuposa ina iliyonse. Chaka chotsatira tinakwatirana. Mpaka lero masamba a dzungu m'nyumba muno ali ndi mayina awiri, ndipo palibe amene wagonja.

Zaka zoyamba za m'ma 1970

Mwana wathu woyamba Esinati ndi azing'ono ake atabadwa, chipinda chimodzi cha lendi chinatichepera. Tcheyamani wa chipani ku Kanyama anatisonyeza malo kumapeto kwenikweni kwa komboni, kumene nyumba zinkathera ndipo dambo linkayambira. Palibe amene ankawafuna malowo. Pansi panali miyala yokhayokha yotuwa, yosongoka ngati mano, ndipo mvula ikagwa madzi ankakhala osadziwa kolowera. Anzanga kuntchito anandiseka kuti munthu wothamangitsa udzudzu wakamanga kumudzi kwawo kwa udzudzu. Ine ndinangoumba njerwa zadothi.

Nyumba ndinamanga ine, koma munda anamanga amayi anu. Ndikuti kumanga chifukwa panalibe dothi loti n'kulima. Iwo anachita monga amachitira kwawo. Ankaunjika udzu, masamba, phulusa ndi zitosi, n'kukwirira ndi dothi lakuda limene ankalitapa m'mipata ya miyala, mpaka mtumbira utakwera kufika m'chiuno mwa mwana. Madzi akadzaza dambo ankayenda m'migula pakati pa mitumbira, mbewu zili pamwamba zikuuma mapazi. Pamwamba pa mtumbira ankabzala chimanga. M'mbali ankayika mbatata, imene iwo amati kandolo, ndiponso maungu, nyemba ndi mtedza. Kuseri kwa bafa, kumene madzi osamba ankatsikira, tinabzala nthochi, ndipo zinakula kukhala mpanda wobisa munda wonse. Ine ndinakumba chitsime pakati pa miyala iwiri, ndinabzala mango, gwafa ndi mapapaya, ndinakhoma khola la nkhunda pamwamba pa mitengo. Nkhuku zinatikana chifukwa cha chinyontho. Amayi anu anati, "Ngati malo ni ya manzi, tisunge vamene vikonda manzi." Anagula abakha awiri. Pasanathe zaka ziwiri, munthu akafunsa njira ya kwathu ankamuuza kuti atsatire abakha.

Aliyense wa inu anali ndi ntchito yake, ndipo musanene kuti ndinkakuzunzani. Wina kutunga, wina kudyetsa abakha, wina kutola zitosi, wina kuthamangitsa mbuzi za eni ake. Amene sanagwire ntchito yake ankadya, koma ankadya ine ndikumuyang'ana. Zinkakwana.

Nthawi yomweyi anandikweza kukhala kapitawo, n'kundipatsa dera la kum'mawa, Kalingalinga ndi Mtendere. Lole ya ofesi inkatitenga kudepoti m'mawa n'kutibweza madzulo. Ofesi sinagulepo ndodo yoyezera, choncho muyeso wa gulu lililonse unali bondo la kapitawo wake. M'gulu langa munali Jailosi, munthu wamfupi ngati mtondo, pakamwa posatseka. Iye ankauza amayi a ku Kalingalinga kuti, "Muziyamika Mulungu ba kapitawo banu ni batali. Nikankhala ine kapitawo, na nshawa tizadula." Amayiwo sankaseka. Januwale aliyense tinkagwetsa chimanga chawo chili chobiriwira, chisanabereke, iwo ataima chapatali manja ali m'chiuno. Ena ankatitukwana, ena ankangotola mapesi kupita nawo. Ine sindinasiyepo phesi limodzi chifukwa cha misozi ya munthu, ndiponso sindinalandirepo dzira kuti nditseke maso. Izi ndimanyadira.

Mudzafunsa kuti nanga chimanga chathu chinkapulumuka bwanji. Kanyama linali dera la kapitawo wina, ndipo nthawi ya mvula lole yawo sinkafika kwathu chifukwa cha matope. Ine ndinawauziratu amayi anu kuti tsiku limene adzafike, sindidzapepesa munthu. Iwo anati, "Bakafika tizaona."

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Inu akuluakulu mukukumbukira mizere. Munthu ankaona mzere pasitolo n'kuyamba waima, kenako n'kumafunsa kuti kwabwera chiyani. Ufa unkasowa, mafuta ophikira amene kuno timati saladi ankasowa, shuga ndi sopo chimodzimodzi. Anzanga ankabwera kuntchito maso ali ofiira, akazi awo atapita kukaima pamzere kusanache. Kwathu tinkaima pamzere wa mchere, sopo ndi palafini basi. Saladi akasowa, amayi anu ankasinja mtedza n'kutendera ndiwo. Shuga akasowa, munkamwa phala ndi nthochi zakupsa. Buledi sitinkamufuna, mbatata inalipo. Lamulungu tinkapha bakha kapena nkhunda. Chimanga chathu tinkapita nacho kuchigayo pa wilibala, ine kutsogolo, ndipo ndinkadutsa dala njira ya kusitolo. Sindinkayang'ana kumbali, koma ndinkadziwa kuti mzere wonse ukundiyang'ana.

Amayi ena a m'dera lathu ataona zimenezi anayamba kubwera kudzaphunzira mitumbira. Posakhalitsa dambo lonse kuseri kwa nyumba zathu linadzaza minda. Ngakhale tcheyamani ankabwera kudzaona ngati tili ndi makhadi a chipani, ndipo ankafika nthawi imene abakha aikira.

Kuntchito nako zinthu zinkasowa. Mafuta akuda a m'zithaphwi anatha. Majombo anasiya kutipatsa, ndipo anga anang'ambika kuphazi konse kuwiri, moti ndinkayikamo makatoni. Kenako lole inafa. Anaikweza pa miyala kudepoti kudikira chitsulo chochokera kunja, mpaka nkhuku za mlonda zinayamba kuikira mazira pampando wa dalaivala. Bwana wathu nthawi imeneyo anali Ba Sikazwe, mnyamata wophunzira, waulemu, woyenda pa njinga. Chaka chimenecho Januwale ndi Febuluwale anatha tikungokonza ngalande za pafupi ndi depoti, kudikira lole. Chimanga m'makomboni monse chinakula, chinamasula, chinabereka, palibe wochigwira.

Malichi, chaka chomwecho

Lachisanu lina Ba Sikazwe anaitana akapitawo onse. Anati akuluakulu adutsa pa galimoto ndipo aona tauni yasanduka famu. Lamulo labwera lakuti chimanga chigwe. Popeza lole kulibe, kapitawo aliyense atenge gulu lake wapansi kupita ku komboni imene amakhala. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ba Mbewe, imwe munkhala ku Kanyama, si mwamene?"

"Inde, bwana."

"Pa Mande muyambire ku dambo. Nizabwera na ine. Kulibe vuto?"

"Palibe, bwana."

Vuto linalipo. Chimanga chathu chinali chitabereka, ndevu zitauma, koma njere zinali zisanalimbe. Chikanadulidwa tsiku limenelo, tikanadya chowotcha masiku angapo, chotsala n'kuwola. Chinkafuna milungu ingapo chili pa muzu wake. Ndipo chimanga chimenecho ndicho chinali ufa wathu wa chaka. M'nyumba munali ana asanu ndi mmodzi, wotsiriza ali kumsana.

Ndinafika kunyumba n'kupeza amayi anu akusenda nyemba pakhonde. Iwo amanditcha Bashi Esinati, monga amaitanira kwawo, ine ndimati Amake Esinati. Sindinazungulire.

"Amake Esinati, Lolemba tikudula kudambo. Kapitawo ndine. Ndiyambira munda wathu."

Sanasiye kusenda. "Muyambire wathu?"

"Wathu. Ndagwetsa chimanga cha anthu zaka zonsezi. Ndikalumpha changa, sindingayendenso mumsewu."

"Na bana bazadya ulemu wanu?"

"Adzadya mbatata."

"Kandolo ya mwezi umodzi." Kenako anati, "Nikambileni bwino lamulo. Ikamba ati chimanga, olo ikamba ati chani?"

"Chilichonse chopitirira bondo."

"Bondo ya ndani?"

"La kapitawo."

"Chabwino mukwai."

Mawu akuti mukwai ndi aulemu kwawo, koma ine ndinali nditakhala nawo nthawi yokwanira kudziwa kuti akawatchula mofatsa chotero, nkhani sinathe.

Lamulungu m'mawa ndikumeta ndevu pagalasi limene ndinapachika pa mtengo wa gwafa, ndinamva chinthu chikundikhudza mwendo. Amayi anu anali atagwada, bango lili m'manja, akuliyimika m'mbali mwa mwendo wanga. Anati, "Imani chabe mushe." Analemba chizindikiro ndi makala, n'kuthyola bangolo, n'kumapita. Ndinaganiza kuti akufuna kundisokera buluku. Sindinafunse. Mwamuna safunsa chilichonse chimene mkazi akuchita. Titatuluka m'tchalitchi anandipatsa bakha womanga miyendo, nati achimwene anga ku Chazanga akudwala ndipo ndachedwa kukawaona. Chazanga ndi kutali kwa munthu wapansi. Ndinapita. Achimwene ndinawapeza akukhoma denga, ali bwinobwino, ndipo anadabwa ndi bakhayo. Ndinabwerera dzuwa litalowa. Kuseri kwa nthochi sindinapiteko. Ndinalibe mtima woona chimanga chimene ndikachigwetse mawa lake. Ndinaona kuti ana nonse mwagona msanga ndipo manja a Esinati ali ndi mikwingwirima ya masamba, koma sindinaganizepo kanthu.

Lolemba ndinalawirira kudepoti kukatenga anthu ndi zikwakwa. Tinayenda mumzere kudutsa Kanyama yense, ine patsogolo, Ba Sikazwe akukankha njinga m'matope. Titayandikira kwathu ndinaona amayi a m'dera lonse ataima m'mbali mwa njira, tcheyamani ali pakati pawo. Ndinayembekeza matemberero. Koma sanamveke. Ena ankabisa pakamwa ndi chitenje. Ndinadutsa pabwalo langa osayang'ana munthu, ndinapatula masamba a nthochi, n'kuima.

Dambo lonse linali lotseguka mpaka kutsidya. Chimanga chinalipo, koma chinali chitagwada. Phesi lililonse analipinda pansi pa chitsononkho, osalithyola kotheratu, mutu wake n'kuweramira m'mgula. Zitsononkho zinali lende m'mbali mwa mitumbira, zoyang'ana pansi, zosakhudza madzi. Osati munda wathu wokha, minda yonse, mzere ndi mzere, ngati mpingo pa nthawi ya pemphero. Pa mtumbira woyamba panali patazikidwa bango lija.

Amayi anu anabwera, anagwada pamaso pa Ba Sikazwe monga amachitira kwa mlendo, anawomba m'manja.

"Mwabwera bwino, ba bwana. Ise tagwada, na chimanga chagwada. Chaona ba boma babwera."

Jailosi anaponya chikwakwa pansi n'kukhala pa mwala, akuseka mpaka kutsokomola. "Mayo ine! Ba kapitawo, mwakwatira loya!"

"Khala chete, Jailosi," ndinatero.

Ba Sikazwe anatsamiritsa njinga pa nthochi. Anayenda pang'ono, anagwira chitsononkho chimodzi, anachisiya. Nkhope yawo sinasonyeze kanthu. Anati, "Ba Mbewe, ine niziba chabe vamene vinalembewa, ati chopitilira bondo. Bondo ni yanu. Pimani."

Apa ndipo panali nkhani. Munda wa mitumbira uli ndi pansi pawiri. Ndikanaima m'mgula, mmene munali madzi, chimanga chopindidwacho chikanandifika m'chiuno, ndipo chikanayenera kugwa. Ndikanakwera pamwamba pa mtumbira, pamene phesi lamera, chikanakhala cha m'bondo. Bwana Magalasi sananene poima. Zaka zonse ndinkaima paliponse pamene phazi lagwera, chifukwa minda ya kum'mawa inali yafulati. Anthu onse anaona zimene ndinaona. Jailosi anasiya kuseka. Tcheyamani anayamba kuyang'ana kumwamba ngati nkhaniyo sakuidziwa.

Ndinaganiza za amayi a ku Kalingalinga amene sindinawamverepo chisoni. Ndinaganiza za anthu anga, kuti mawa adzati kapitawo lamulo amalilimbitsa kwa eni ake okha. Ndinaganizanso kuti ndikaima m'madzi, sindigwetsa chimanga changa chokha, ndigwetsa cha dambo lonse, pamene anthuwa lamulo alimvera mpaka kuligwadira. Ndinayang'ana amayi anu. Iwo sankandiyang'ana. Ankakonza mwana kumsana.

Ndinati, mokweza kuti onse amve, "Chomera timachiyeza pamene chamera." Ndinakwera pa mtumbira.

Mitumbira ya amayi anu ndi yofewa, mkati mwake ndi udzu wowola, ndipo mvula inali itagwa. Ine ndine munthu wolemera. Ndikukweza phazi ndinadziwa kuti ndititimira, bondo litsika, ndipo ndichita manyazi pamaso pa komboni yonse. Koma jombo itatera, pansi panali polimba. Ndinapondanso ndi linalo. Polimba. Pansi pa dothi lochepa panali mwala wafulati, waukulu bwino, wokwana mapazi awiri a munthu wamtali. Sindinayang'ane pansi. Ndinaima chilili ngati msilikali. Ba Sikazwe anawerama, anayang'ana bondo langa, anayang'ana popindikira phesi. Panatsala mpata wa zala ziwiri.

"Sichinafike," ndinatero.

"Sichinafike," anavomera Ba Sikazwe.

Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinadzidzimutsa abakha onse. Ine ndinakweza dzanja kuti kukhale bata, chifukwa ntchito inali isanathe. Ndinati ndiyeza munda uliwonse, ndipo phesi limene ndilipeze litaima ndidula. Ndinayezadi. M'mitumbira ya enawo munalibe miyala yobisika, choncho ndinkati ndikakwera n'kuyamba kumira, amayi n'kumakuwa kuti, "Pimani musanga, ba kapitawo, mwayamba kufupika!" Ndinkayeza msanga. M'munda wa tcheyamani tinapeza mizere iwiri imene anaiwala kupinda, ndipo ndinaidula ndekha ndi dzanja langa. Anthu anasangalala ndi zimenezo kuposa zonse. Kenako tinatchetcha udzu wonse wa m'mbali mwa dambo ndi kutsegula ngalande yaikulu, madzi amene anakhala miyezi n'kuyamba kuyenda. Pochoka Ba Sikazwe anandiuza chapansipansi kuti, "Ba Mbewe, nizakauza bakulu ati ku Kanyama kulibe chamene chapitilira bondo. Si boza." Sanalandire kanthu kwa munthu, ndipo ine sindikanalola.

Sindikunamizani kuti tinakolola ngati zaka zina. Chimanga chopindidwa sichikhuta bwino, njere zina zinafwapa, zitsononkho zina mbewa zinafikira. Koma chambiri chinauma bwino, mvula yotsiriza inkangotsetsereka pa makoko osalowa mkati. Ufa umenewo, pamodzi ndi mbatata ndi maungu, unatifikitsa kufupi ndi dzinja lotsatira. Palibe mwana wanga amene anakaima pamzere wa ufa chaka chimenecho.

Lole inadzuka patapita nthawi, ndipo ndinabwerera ku dera langa la kum'mawa. Kuyambira pamenepo ndinasintha dongosolo la ntchito. Mvula ikayamba, gulu langa linkayamba ndi ngalande, chimanga pomalizira. Ngalande za Lusaka sizitha msanga. Pofika ku minda inkakhala Malichi, ndipo mbiri inali itayenda kale. Ku Mtendere ndinapeza chimanga chogwada, amayi ataima pambali ndi mabango awo. Sindikudziwa amene anawapatsa muyeso wa mwendo wanga. Ndikuganizira Jailosi.

Lero

Ndinapuma ntchito tsitsi litayera, popanda tsiku limodzi lojomba. Dambo lija tsopano ndi nyumba zokhazokha. Chatsala ndi bwalo lathu, mitumbira ya kuseri kwa nthochi, chitsime, mitengo ya zipatso ndi abakha. Zimatidyetsabe ife awiri, ndipo mukabwera mumanyamula. Ndamva ena a inu mukunong'onezana zomanga zipinda za lendi pamenepo. Ndili moyo, iyayi. Ndikafa, mukafunse amayi anu, ndipo ndikukufunirani mwayi.

Mwala uja mumaudziwa. Ndi umene uli pakhomo la khitchini, umene mumapukutirapo matope. Titakolola chaka chimenecho ndinaufukula ndekha n'kuuyika pamenepo. Zaka zonsezi sitinaukambepo. Dzulo, polemba mutu uno, ndinawaitana kuti ndimve.

"Amake Esinati, mwala uja munayika mu mtumbira. Munadziwa bwanji kuti ndikwera pamwamba? Ndikanatha kuima m'mgula."

Ndinkayembekeza kuti anena kuti ankaudziwa mtima wanga. Iwo anapitiriza kuwaza gaga kwa abakha.

"Bashi Esinati, majombo yanu yenze yong'ambika konse kubili. Imwe kuima mu manzi na makatoni ku mapazi, pamenso pa bantu? Awe."

Zimenezo ndi zonena zawo. Ine ndalemba kale chifukwa chimene ndinakwerera, ndipo cholemberacho chili m'manja mwanga. Ndinatsata lamulo. Koma mwalawo musauchotse pakhomo.